Mpanda wa M'matumbo ndi Nthenda Youmitsa Chiŵindi

Pakati pa nthenda zimene zimadya munthu pang'onopang'ono monga chiswe chimadyera nsanamira, nthenda youmitsa chiŵindi ndi imodzi mwa zoopsa kwambiri. Madokotala amaitcha cirrhosis. Chaka ndi chaka imapha anthu oposa 1,000,000 pa dziko lonse lapansi, ndipo m'zipatala za m'maboma a dziko lino odwala ake sasoŵa. Iwo amadziŵika ndi mimba yodzaza madzi, miyendo yotupa, maso achikasu ndi thupi loonda. Ena amasanza magazi, ndipo ena amasokonezeka mutu mpaka kuiŵala abale awo enieni. Popeza nthendayi ikakhazikika imavuta kuchiza, mabanja ambiri amagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti agule mabotolo a mankhwala a zitsamba amene ogulitsa amati amatsuka chiŵindi.

Funso lakuti kodi zomera zingathandize wodwala wotere si la lero ayi. Madokotala alimbana nalo kwa zaka zambiri, ndipo pofunafuna yankho adatulukira chinthu chimene poyamba sankachiganizira, chakuti ambiri mwa mavuto a wodwala chiŵindi amachokera m'matumbo. Nkhani ino ikulongosola mmene nzeru imeneyi idapezekera, zomera zimene zidayesedwa poteteza khungu la m'kati mwa matumbo, ndi chimene chidatuluka m'mayesowo.

Dzina la nthendayi

M'chaka cha 1793 dokotala wina wa ku London, Matthew Baillie, adalemba buku la ziŵalo za anthu akufa zimene adazipima, ndipo m'menemo adanena kuti chiŵindi cholimba ndi cha timibulu chimapezeka kaŵirikaŵiri mwa anthu omwa moŵa kwambiri. Dzina la nthendayi lidadza pambuyo pake, m'chaka cha 1819, kuchokera kwa René Laennec wa ku France, yemwe uja adapanga chipangizo chimene madokotala amamvetsera nacho m'chifuwa. Poona mtundu wa timibuluto, iye adatenga liwu la Chigiriki lotanthauza chinthu chachikasu choderako, napanga dzina lakuti cirrhosis.

Chiŵindi cha munthu wamoyo wabwino ndi chofeŵa ndi chosalala, ndipo chikavulala chimatha kudzikonza chokha. Koma chikamavulazidwa chaka ndi chaka osapuma, pamalo ovulalawo pamatsala zipsera, ndipo zipserazo zimalumikizana mpaka chiŵindi chonse chimauma ndi kukwinyika. Zochivulaza zazikulu ndi moŵa, kuchuluka kwa mafuta m'chiŵindi, ndi tizilombo ta hepatitis B ndi hepatitis C. Chizindikiro cha kachilombo ka hepatitis B adachipeza m'magazi ndi Baruch Blumberg wa ku America, nachilengeza m'chaka cha 1965, pamene ka hepatitis C kadadziŵika mu 1989. M'madera a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, likodzo la m'matumbo nalonso limasiya zipsera m'mbali mwa mitsempha ya m'chiŵindi, ndipo ngakhale limasiyana ndi cirrhosis, limatsekereza magazi chimodzimodzi.

Agalu a ku St Petersburg

Kuti munthu amvetse chimene matumbo achita m'nkhaniyi, ayenera kudziŵa njira imene magazi amayenda. Magazi onse ochokera m'matumbo, atanyamula zabwino za m'chakudya, sapita kumtima mwachindunji. Amayamba asonkhana mu mtsempha umodzi waukulu umene umaŵatengera kuchiŵindi, ndipo mtsempha umenewu umapereka pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a magazi onse oloŵa m'chiŵindi. Francis Glisson wa ku England adalongosola njirayi m'buku lake la 1654. Motero chiŵindi chili ngati sefa yoikidwa pakati pa matumbo ndi thupi lonse. M'timitsempha take muli maselo olondera amene amatchedwa ndi dzina la Karl Kupffer, amene adalemba za maselo a m'malo amenewo mu 1876. Tadeusz Browicz wa ku Kraków adasonyeza mu 1898 kuti ntchito ya alonda ameneŵa ndi kumeza zoipa zoyenda m'magazi.

M'chaka cha 1877 dokotala wa asilikali ku St Petersburg, m'dziko la Russia, dzina lake Nikolai Eck, adafuna kuona chimene chingachitike ngati magazi a m'matumbo atalambalala chiŵindi. Adachita opaleshoni agalu 8, nalumikiza mtsempha waukulu uja ku mtsempha wopita kumtima. Agalu 7 adafa sabata isadathe, ndipo mmodzi yekha ndiye adakhala moyo kupitirira miyezi iŵiri. Patapita zaka 16, mu 1893, Ivan Pavlov ndi anzake adabwereza opaleshoniyi mwaluso loposa, agalu ochulukirapo nakhala moyo. Pamenepo padaoneka chodabwitsa. Agaluwo akapatsidwa nyama ankasintha khalidwe, ankalusa, ankayenda modzandira, ena ankachita khungu, kenaka ankakomoka ndi kufa. Pavlov pamodzi ndi katswiri wa mankhwala Marceli Nencki adaloza chala poizoni wotchedwa ammonia, amene amapangika m'matumbo chakudya chikamagayidwa, ndipo chiŵindi chabwino chimamuchotsa asadafike ku ubongo.

M'zaka zomwezo za m'ma 1890, ku Berlin, Richard Pfeiffer adapeza kuti tizilombo tina tili ndi poizoni m'thupi mwake mwenimweni, amene amadwalitsa ngakhale tizilomboto titafa. Poizoniyo adamutcha endotoxin. Tizilombo ta mtundu umenewu timakhala m'matumbo a munthu aliyense mwa unyinji wosaŵerengeka, ndipo malinga tikhale m'malo mwake sitivuta.

Madokotala atembenukira kumatumbo

Padapita zaka pafupifupi 60 kuti phunziro la agalu aja lifike pa bedi la wodwala. M'chaka cha 1954 Mayi Sheila Sherlock ndi anzawo pa chipatala cha Hammersmith ku London adasonyeza kuti kusokonezeka mutu kwa odwala cirrhosis ndi nthenda yomwe ija ya agalu a Pavlov. Chiŵindi chikauma, magazi amalephera kudutsa bwino, ndipo amadzitsegulira njira zam'mbali monga madzi a mtsinje wotsekedwa amachitira. Motero zoipa za m'matumbo zimafika ku ubongo zosasefedwa. Mu 1957 gulu lomwelo lidayesa mankhwala opha tizilombo ta m'matumbo otchedwa neomycin, ndipo odwala adatsitsimuka, ngakhale kuti mankhwalawo akamwedwa nthaŵi yaitali ankaononga makutu ndi impso. Mu 1964 Harold Conn wa ku Connecticut, m'dziko la America, adalongosola odwala amene madzi a m'mimba mwawo adaloŵedwa ndi tizilombo ta m'matumbo popanda bala kapena kubooka kulikonse. Mu 1966 Johannes Bircher wa ku Switzerland adayamba kupatsa odwala shuga wotchedwa lactulose, wopangidwa kuchokera ku shuga wa mumkaka. Shuga ameneyu thupi silimugaya. Amafika m'matumbo aakulu ali wathunthu, tizilombo timamusandutsa asidi, ndipo asidiyo amagwira ammonia kuti atuluke ndi chimbudzi.

Tsono funso lidatsala lakuti tizilombo ndi poizoni zimadutsa bwanji khungu la matumbo popanda bala. Khungu limeneli, litati litambasulidwe, lingakute malo okwana pafupifupi masikweya mita 30, koma kuchindikala kwake ndi mzere umodzi wokha wa maselo, amene amasinthidwa ndi atsopano masiku oŵerengeka alionse. Pamwamba pake pali zoterera ngati therere zimene zimaletsa tizilombo kukhudza maselowo. Mu 1963 Marilyn Farquhar ndi George Palade, pogwiritsa ntchito makina amphamvu oonera tinthu tating'ono, adalongosola mfundo zomangirira selo lililonse ku linzake. Omvera angafanizire khunguli ndi mpanda wa bango: mabango ndiwo maselo, ndipo mfundozo ndizo luzi loŵamanga pamodzi. Luzi likamasuka, mabango amakhalabe chiimire, koma nkhuku zimapeza poloŵera. Zipangizo za luzi limeneli adazitulukira ndi Shoichiro Tsukita ndi anzake ku Japan, china mu 1993, zina mu 1998.

Umboni wakuti mpandawu umamasukadi mwa anthu udadza mu 1984, pamene Ingvar Bjarnason ndi anzake ku London adamwetsa anthu omwa moŵa kwambiri mankhwala amene matumbo abwino salola kudutsa, kenaka nayeza kuchuluka kwake mumkodzo. Adapeza kuti matumbo a anthuwo ankadontha, ndipo mwa ambiri kudonthako kunkapitirira mpaka masabata aŵiri atasiya kumwa. Mwa wodwala cirrhosis zifukwa zimachuluka. Magazi obwerera m'mbuyo amatupitsa khungu la matumbo. Ndulu, imene imachepetsa tizilombo, imafika yochepa. Matumbo amayenda mwaulesi, ndipo tizilombo timaswana pamalo pamene sitiyenera kuchuluka. Endotoxin akadutsa mpanda amakautsa alonda a Kupffer aja, iwo amayambitsa kutupa, ndipo kutupako kumaonjezera zipsera. Chiŵindi chimafooketsa matumbo, matumbo nafooketsa chiŵindi. Apa ndi pamene akatswiri adayamba kufunsa ngati m'zomera mulibe chinthu chomangitsa luzi lija.

Chomera chaminga cha ku Mediterranean

Chomera chotchuka koposa pa nthenda za chiŵindi ndi chaminga china cha maluŵa ofiirira, chomera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Pa Chingerezi amati milk thistle, pa Chilatini Silybum marianum. Masamba ake ali ndi mizere yoyera, ndipo nthano ya ku Ulaya imati mizereyo ndi madontho a mkaka wa Maria, mayi wa Yesu. Pliny, mlembi wa ku Rome wa m'zaka 100 zoyamba za nyengo ino, adalemba kuti madzi ake osakaniza ndi uchi amathandiza kutulutsa ndulu. Nicholas Culpeper wa ku England, m'zaka za m'ma 1650, adachiyamikira pa nthenda ya chikasu. Mu 1968 Hildebert Wagner ndi anzake ku Munich adapatula mphamvu ya m'njere zake naitcha silymarin. Gawo lina la mphamvuyi, lotchedwa silibinin, limaperekedwa m'mitsempha m'zipatala za ku Ulaya kwa anthu amene adya bowa wakupha wotchedwa Amanita phalloides.

Silymarin akamwedwa, wochepa yekha ndiye amaloŵa m'magazi, ndipo wambiri mwa woloŵayo amabwerera m'matumbo kudzera mu ndulu. N'chifukwa chake ofufuza a masiku ano amaganiza kuti mwina ntchito yake ina amaigwirira m'matumbo momwemo. Koma mayeso a pa anthu sadagwirizane. Mu 1989 Peter Ferenci ndi anzake ku Vienna adalengeza za odwala cirrhosis 170. Pafupifupi theka adalandira silymarin, enawo adalandira mapiritsi ofanana maonekedwe koma opanda mankhwala, ndipo wodwala kapena dokotala sankadziŵa kuti ndani walandira chiyani. Adaŵerengera kuti pakutha pa zaka 4, mwa anthu 100 alionse a gulu loyamba 58 adali moyo, pamene a gulu lachiŵiri adali 39. Nkhaniyi idasangalatsa ambiri. Komatu mu 1998 Albert Parés ndi anzake ku Spain adayesa odwala 200 amene chiŵindi chawo chidauma ndi moŵa, ndipo sadapeze kusiyana kulikonse pa kutalika kwa moyo. Mu 2012 mayeso ena a ku America, a odwala hepatitis C okwana 154, adapereka mlingo woposa wa nthaŵi zonse, koma zoyeza za m'magazi sizidasinthe. Akatswiri amene adasonkhanitsa mayeso onse pamodzi adagamula kuti silymarin savulaza kwenikweni, koma umboni wakuti amatalikitsa moyo ndi wofooka.

Muzu wotsekemera ndi muzu wachikasu

Mbiri ya muzu wotsekemera wotchedwa liquorice ndi yophunzitsa kwambiri, chifukwa madokotala adatsimikiza kuti muzuwu umalimbitsa khungu la m'mimba. Mu 1946 dokotala F. E. Revers wa m'tauni ya Heerenveen ku Netherlands adaona kuti odwala zilonda za m'mimba ankapeza bwino akamwa mankhwala a muzuwu amene wogulitsa mankhwala wa m'tauniyo ankapanga. Atayesa yekha adaona zilonda zikupola, koma adaonanso odwala ena akutupa nkhope ndi miyendo. Kuchokera ku mphamvu ya muzuwu akatswiri a ku England adapanga mankhwala otchedwa carbenoxolone, ndipo mu 1962 Richard Doll ndi anzake ku London adasonyeza kuti amafulumizitsa kupola kwa zilonda za m'mimba. Njira yake ina idali kuchulukitsa zoterera zija zoteteza khungu. Ku Japan, kuyambira 1948, mphamvu ya muzu womwewu, yotchedwa glycyrrhizin, yakhala ikupangidwa ngati jekeseni, ndipo pambuyo pake idayamba kuperekedwa kwa odwala kutupa kwa chiŵindi.

Komatu paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muzuwu umachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, umataya mchere wina wofunika kumtima wotchedwa potassium, ndiponso umakweza kuthamanga kwa magazi. Kwa munthu amene mimba yake yadzaza kale madzi, zimenezi ndi kuthira madzi mumtsuko wosefukira. Choipa china n'chakuti mphamvu yake imalimbana ndi ya spironolactone, mankhwala amene madokotala amapereka pochotsa madziwo. Carbenoxolone adasiyidwa atabwera mankhwala a zilonda opanda mavuto otere, kuyambira ndi cimetidine mu 1976.

Muzu wina ndi uja wachikasu umene anthu a ku India amathira m'ndiwo, wotchedwa turmeric. Mphamvu yake, curcumin, idapatulidwa ku Paris mu 1815 ndi Vogel ndi Pelletier, ndipo mu 1937 dokotala Albert Oppenheimer adalemba za kuyesa kwake pa odwala nthenda za ndulu. Curcumin saloŵa bwino m'magazi. Wambiri amatsala m'matumbo, ndipo m'mayeso a makoswe ndi a maselo osungidwa m'mbale adaoneka akuchepetsa kutupa ndi kulimbitsa mfundo za mpanda uja. Koma amalonda, pofuna kuti aloŵe m'magazi mochuluka, adayamba kumusakaniza ndi mphamvu ya tsabola wakuda ndi kumugulitsa m'makapisozi. Mu 2019 boma la Italy lidalandira malipoti a anthu amene chiŵindi chawo chidatupa atamwa makapisozi otere, ndipo madokotala a ku America adalengeza zofanana mu 2022. Turmeric wa m'ndiwo alibe mlandu. Vuto lidabwera ndi mlingo waukulu wa m'botolo.

Palinso berberine, mphamvu yachikasu ndi yoŵaŵa yopezeka m'mizu ndi m'makungwa a zitsamba zingapo, imene asing'anga a ku China ndi ku India akhala akuchizira kutsegula m'mimba kuyambira kale. Mayeso a ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, adasonyeza mu 1987 kuti imachepetsa kutsegula m'mimba kobwera ndi kachilombo ka E. coli, koma pa kolera idathandiza pang'ono chabe. M'makoswe nayonso imalimbitsa mpanda wa matumbo. Komabe khoswe si munthu. Khoswe wa m'mayeso amadwalitsidwa m'masabata oŵerengeka ndipo kaŵirikaŵiri amalandira mankhwala nthenda isadakule, pamene munthu amafika kuchipatala chiŵindi chitakhala chikuonongeka kwa zaka 10 kapena 20.

Chithandizo chochokera m'mbale

Pamene ena adali kufunafuna m'mizu ya kutali, umboni wina udali kukula kuchokera ku chakudya wamba. Madokotala aŵiri amene adagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Mulago ku Kampala, Denis Burkitt ndi Hugh Trowell, adaona kuti anthu a m'midzi ya mu Africa, odya ufa wosakonola kwambiri, nyemba ndi masamba, sankadwala nthenda zina za m'matumbo zofala ku Ulaya. M'buku lawo la 1975 adanena kuti chinsinsi chili m'gawo la zomera limene mimba ya munthu siigaya, longa gaga wa chimanga ndi makoko a nyemba. Azungu ankaliyesa chinthu chachabe. Mu 1980 William Roediger adasonyeza chifukwa chake silili lachabe. Tizilombo tabwino ta m'matumbo aakulu timadya gawo limeneli n'kupanga asidi wotchedwa butyrate, ndipo asidiyo ndiye chakudya chachikulu cha maselo a mpanda uja. Munthu akamadya zakudya zopanda gaga, mabango a mpanda wake amakhala ndi njala.

Omvera aona kuti njira imeneyi ndi yofanana ndi ya lactulose wa Bircher: chinthu chosagayika chimafika m'matumbo aakulu, tizilombo timachisandutsa asidi, ndipo ammonia amachepa. Norton Greenberger ku America mu 1977, ndi Misael Uribe ku Mexico mu 1982, adayesa odwala oŵerengeka osokonezeka mutu poŵapatsa zakudya zomanga thupi zochokera ku zomera m'malo mwa nyama, ndipo adaona kusintha kwabwino. Mu 2001 Ali Keshavarzian ndi anzake ku Chicago adamwetsa makoswe moŵa kwa masabata angapo, ena naŵaonjezera phala la oats. Makoswe odya phalalo matumbo awo sadadonthe kwambiri, endotoxin adachepa m'magazi, ndipo chiŵindi chidatetezeka. Mu 2004 mayeso a ku China a odwala cirrhosis 55, amene mutu wawo udali utayamba kusokonezeka pang'ono, adasonyeza kuti gawo losagayika la zomera, litaperekedwa pamodzi ndi tizilombo tabwino kwa masiku 30, lidatsitsa ammonia ndi endotoxin, ndipo theka la olandira adabwerera mwakale. Ngakhale litaperekedwa lokha lidathandiza ena.

Mayeso ameneŵa adali aang'ono, koma adathandiza kusintha malangizo a kadyedwe. Kale, pokumbukira agalu a Pavlov, madokotala ankamana odwala zakudya zomanga thupi, ndipo odwalawo ankangoonda. Mu 2004 Juan Córdoba ndi anzake ku Barcelona adasonyeza kuti kumana kotere kulibe phindu. Lero malangizo akuti wodwala cirrhosis adye zomanga thupi zokwanira, zambiri zichokere ku nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi mkaka, adye pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri, ndipo asagone ndi njala. Amene ali ndi madzi m'mimba achepetse mchere, osaiŵala kuti soda wothira m'therere nayenso amasungitsa madzi monga mchere.

Zomera zimene zidapha

Mbiriyi singakhale yathunthu popanda kutchula zomera zimene zidaononga chiŵindi. Mu 1920 madokotala aŵiri, Willmot ndi Robertson, adalemba za mabanja osauka a m'dera la George ku South Africa amene ankatupa mimba ndi kufa. Chifukwa chake chidapezeka m'buledi: tchire lotchedwa Senecio linkamera m'minda ya tirigu, ndipo linkakololedwa ndi kugayidwa pamodzi ndi tiriguyo. Mu 1954 Gerrit Bras, Derrick Jelliffe ndi Kenneth Stuart adalongosola nthenda yofanana mwa ana a ku Jamaica amene ankamwetsedwa tiyi wa masamba a kutchire ngati mankhwala. Poizoni wa m'masambawo ankatseka timitsempha ta m'chiŵindi, ndipo ana ena opulumuka ankadzadwala cirrhosis. M'zaka za m'ma 1970 madokotala a ku Durban adapeza kuti muzu wotchedwa impila, umene unkamwedwa ngati mankhwala, unkapha anthu poononga chiŵindi ndi impso. Azimayi a ku Jamaica aja ankakonda ana awo, ndipo ankatsata zimene adaphunzira kwa makolo. Chimene chidasoŵa chidali njira yoyezera chimene chili m'tsambalo ndi mlingo umene thupi lingapirire.

Ngozi ina ili m'nkhokwe. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil, ndipo pofufuza adapeza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Chuku chimenechi chimamera pa mtedza ndi chimanga chosungidwa chisadaume bwino, ndipo kwa munthu amene ali ndi hepatitis B chimachulukitsa kwambiri ngozi ya khansa ya chiŵindi.

Pamene nkhaniyi yafika

Kuyambira pa agalu a Eck mu 1877 kufikira lero, mfundo imodzi yatsimikizika: mpanda wa m'matumbo ukamasuka, wodwala chiŵindi amaloŵa m'mavuto aakulu, ndipo kusamala matumbo ndi gawo la kuchiza kwake. Mankhwala amene madokotala amadalira pa ntchitoyi ndi lactulose ndi rifaximin, wopha tizilombo amene amakhala m'matumbo osaloŵa kwenikweni m'magazi, amene mayeso a odwala 299 adasonyeza mu 2010 kuti amachepetsa kubwerera kwa kusokonezeka mutu. Mwa mphamvu zopatulidwa ku zomera, monga silymarin, glycyrrhizin, curcumin ndi berberine, palibe imene yatsimikizidwa m'mayeso aakulu a anthu kuti imamanga mpandawo ndi kutalikitsa moyo wa wodwala cirrhosis. Kufufuza kukupitirira, ndipo paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimapulumutsa chiŵindi koposa ndi kuchotsa chochivulaza. Womwa akasiyiratu moŵa, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, matumbo amayamba kulimba m'masabata oŵerengeka, ndipo ngakhale amene chiŵindi chidauma kale amakhala zaka zambiri kuposa wopitiriza kumwa. Hepatitis B ali ndi mankhwala omugonetsa monga tenofovir, ndipo katemera wake adaloŵa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malaŵi mu 2002. Hepatitis C, kuyambira pamene mapiritsi atsopano adatuluka kumapeto kwa 2013, amachizika m'miyezi itatu mwa odwala ochuluka. Likodzo nalo lili ndi mapiritsi ake.

Tsono banja limene lili ndi wodwala wotupa mimba ndi wa maso achikasu lichite changu kupita naye kuchipatala kuti chifukwa cha nthenda chidziŵike. Ngati wodwalayo wamwa kale zitsamba, abale auze dokotala mosabisa dzina la chitsambacho ndi kuchuluka kwake, pakuti chiŵindi chodwala sichingathe kusefa mankhwala monga chiŵindi chabwino, ndipo mlingo umene munthu wamphamvu angapirire ungathe kupha wodwala. Ndalama zimene zikadagula botolo losadziŵika za m'kati mwake zingagule nyemba, nandolo, mkaka, zipatso ndi ndiwo zamasamba zodyera nsima ya mgaiwa, ndi kulipira ulendo wa kuchipatala pa tsiku limene dokotala adanena.